Feteleza wa Kuseri kwa Nkhokwe

Inu, sunthirani kuno, minibasi siyidzadza msanga iyi. Munaonapo munthu akutcheza feteleza ngati kachasu? Mwamuona lero.

Ine ndine mkamwini kwa Chiosya. Chaka chatha feteleza wotsika mtengo anandiphonya, chimanga chonse chikasu, ndipo mkazi wanga Dailesi sanapsatire mawu: "Chikakanika chimenechi, bambo akuti mubwerere kwanu." Ndisaname, ndinachita mantha.

Kenako kunatulukira mlamu wanga Alufeyo, amene amasesa mu labotale pakoleji ina ku Lilongwe koma amayenda ngati kolejiyo ndi yake.

"Alamu, feteleza ali m'madzi a kudamboku," anatero. "Mvula imakokolola wa m'maesiteti a fodya. Dzina lake naitireti, kumwa kwake ndi poizoni. Koma mukalowetsamo magetsi pa waya wa kopa, amasanduka amoniya, chakudya cha chimanga."

"Kopayo agwira ntchito yanji?"

"Ndi nkhoswe ameneyo. Amangofulumizitsa zinthu, mwini wake satha."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti zatheka?"

"Fungo, alamu. Ngati khola la mbuzi."

Ndinatunga ndowa yodzadza, ndinazula batire la sola, wailesi ndinaiphwasula kufuna waya. Polumikiza, moto thethethe, nsidze zinapita. Ndinangoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndowayo ndinaibisa kuseri kwa nkhokwe, pafupi ndi chimbudzi chathu chimene chinagwa ndi mvula, chija ndinkangoti ndikonza mawa.

Tsiku loyamba, zii. Lachiwiri tambala anamwako, n'kuyamba kulira masana okhaokha. Lachitatu, abale, fungo! Ntchentche inkafika n'kubwerera yokha. Ndinasungunula ndi madzi, ndinathira mizere iwiri, sabata isanathe chimanga biriwiri.

Apa ndiye ndinadzimva. Ndinaitana kalabu yonse ya alimi, ndinavala taye, ndinaima pambali pa ndowa n'kumaphunzitsa za naitireti ngati ndinabadwa naye. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndili pakati pofotokoza za kopa, anatulukira apongozi anga a Stefano, akuyenda motang'adza, n'kukhosomola mwaulemu.

"Akamwini, ndowa munandiikira ija ndathokoza, poti chimbudzi chakukanikani. Koma chotsanimoni mawayawo. Amaluma."

Kalabu yonse inayang'ana pansi. Mlembi, amene anali ataviika chala kuti anunkhize, anachipukutira pa taye wanga. Alufeyo ndinamuona ali kale pamsewu wa ku Lilongwe.

Koma tamverani, kwathu sindinabwerere. Batire ndinabweza, mawaya ndinachotsa, ndowa ndinaisiya pomwepo, ndipo chimanga chinabereka ziwiriziwiri. Chaka chino ndalima maekala awiri. Chimbudzi sindinakonzebe, ndipo apongozi m'mawa uliwonse ndimawapititsira ndekha chikho chachikulu cha thobwa.