Masipuling'i a Mapisito ndi Kyutekisi wa Make Chisomo

Lolemba

A mudiri, bwana wathu m'chipinda chokonzera mfuti kuno ku kalabu ya masewera oombera, andiikira chitini cha mabisiketi patebulo. M'kati muli masipuling'i a mapisito, opiringizana ngati nyongolotsi. Timapepala take tonse tinanyowa ndi oyilo, manambala anafufutika. "Uwasankhe. Lamulungu ndiwapeze m'magulu. Yala, fulumira!"

Ndidzikumbutse ndekha. Sipuling'i imeneyi ndi imene imabweza chapamwamba cha pisito chikathamangira m'mbuyo munthu akaombera. Ilipo ya mapaundi 13, ya 15 ndi ya 17. Ukaika yolimba pa zipolopolo zofooka, khoko la chipolopolo limakakamira pakamwa pa mfuti, kasitomala n'kumayang'ana ife. Ukaika yofewa pa zipolopolo zamphamvu, mfuti imadzimenya yokha. Koma pamaso onse ndi ofanana. Mapasa enieni!

Pulani yanga:
kuyeza iliyonse
kuidontheza utoto, gulu lililonse mtundu wake
kuyamikiridwa

Utoto ulipo kale. M'chikwama changa ku Al Asmakh, kumene timagona kuno ku Doha, muli timabotolo titatu ta kyutekisi: wofiira wa make Chisomo, wapinki wa Chisomo, wagolide wa alamu anga. Chinkhoswe cha mwana wathu Chisomo ndi sabata yamawa, ine tchuthi changa sichinakwane. Make Chisomo sanapemphe foni, sanapemphe nsapato. Anangotumiza chithunzi cha nsalu ya chinkhoswe n'kunena kuti, "Mundipezere wofiira ngati maluwa awa, bambo a Chisomo, basi." Ndinazungulira Doha yense kuti ndimupeze. A Mwale, dalaivala amene timakhala nawo chipinda chimodzi, anyamuka Loweruka kupita kumudzi, ndiwo akapereke.

Dontho limodzi pa sipuling'i, angadziwe ndani?

Lachiwiri

Choyezera masipuling'i cha pantchito chinabwerekedwa, sichinabwerere. Ndatenga kasikelo ka masutikesi ka m'chipinda mwathu, kaja tinasonkherana anthu asanu ndi mmodzi. A Mwale akuti, "Akulu, kabwere kamoyo. Ine ndili ndi makilo oti ndiwerenge."

Ndikulowetsa bawuti lalitali m'kati mwa sipuling'i, washala kumapeto, kukoleka sikelo, kukoka. Sikelo ikunena makilo, masipuling'i amalankhula mapaundi, foni ndiye womasulira. Sipuling'i imodzi yomweyo: kukoka koyamba 15, kachiwiri 16, kachitatu yathawa! Yawomba denga, yagwera kuseri kwa kabati. Bishnu, mnzanga wa ku Nepal amene amatsuka mfuti, akuseka mpaka misozi. Ndi munthu wa imvi ngati ine, koma akaseka amabwerera ku sitandade wani.

Ndikugwada kuseri kwa kabati, ndikukumbukira njinga ya malemu bambo ku Dedza. Chishalo chake chinali ndi masipuling'i awiri, imodzi yotopa, ndiye bambo ankapalasa atapendekeka ngati akumvetsera nkhani kwa munthu wamfupi. Sanayezepo chilichonse, koma kunyumba ankafika.

Madzulo milu itatu yaoneka. Ngowe ya sikelo yawongoka pang'ono. A Mwale sindinawauze.

Lachitatu

Tsiku lopenta! Pinki kwa a 13, ofewa ngati Chisomo. Golide kwa a 17, ouma mutu ngati alamu. Wofiira kwa a 15. Tsoka lake, a 15 ndiwo ochuluka.

Kutsegula botolo lofiira, fungo lake landibweza kutali. Golosale ya pa Linthipe, mtsikana amene lero ndi make Chisomo akundipatsa chenji, zikhadabo zofiira. Ndinkagula machesi tsiku lililonse, ine wosasuta, wosaphika. Amayi anadabwa kupeza mabokosi a machesi odzaza pansi pa mphasa, anaganiza ndikufuna kutentha mudzi.

Dontho limodzi silikuoneka bwino pa waya. Ndaika awiri. Kenaka ndazunguliza mphete yonse.

Ayanikidwa pa nyuzipepala, akuwala ngati mikanda. A mudiri akuima, akuyang'ana nthawi yaitali. "Mashala, zakongola! Iwe Malawi, mutu uli bwino!" Ndikumva kutalika. Botolo ndikaliunika pa getsi latsika, koma ndi kutsika kwaulemu. Munthu akhoza kunena kuti kufakitale sanadzaze.

Lachinayi

Ndafika m'mawa, nyuzipepala ili yokha.

Bishnu, ndi mtima wake wabwino, waona masipuling'i ali ndi "zonyansa". Wawakokolera onse m'beseni la mankhwala otsukira mfuti. Akundionetsa monyadira: oyera, onyezimira, mulu umodzi. Pinki kulibe, golide kulibe, wofiira wasanduka timadzi ta pansi pa beseni. "Mafi mushikila, palibe vuto, m'bale, ndakuthandiza!"

Ndamuthokoza. Ndikanatani? Munthu anadzuka m'mamawa chifukwa cha ine.

Kuyambiranso:
kukoka
kumasulira
kutola othawa
kupenta, ulendo uno kawirikawiri kuti utoto ukhute

Ngowe ya sikelo yawongokeratu, tsopano ikuloza ngati chala cha mboni.

Ndapita kukadya. Pobwera ndapeza a mudiri atakhala pampando wanga, botolo lofiira m'manja, akulemba manambala pa mamagazini onse oikamo zipolopolo a kalabu, pa makiyi a makabati, ngakhale pa kapu yawo ya tiyi. "Utoto wabwino, suchoka! Unagula kuti?" Ndikufuna kunena kuti ndi wa mkazi wanga. Pakamwa pangotuluka kuti, "Al Sadd, bwana."

Botolo analisiya losatseka. Chotsalamo chalimba ngati phala la dzulo.

Uthenga wa make Chisomo: "Telala wamaliza diresi. Maluwa aja akhala pachifuwa penipeni. Kyutekisi uja musaiwale kuwapatsa a Mwale." Ndayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Lachisanu

Tsiku lopuma. Ndadzipaka wofiira wotsalayo pa chikhadabo cha chala chachikulu kuti ndikafanizire kusitolo. Chithunzi cha pafoni chimanama, chikhadabo sichinama.

Mu metro, sitima ya m'tauni muno, ndagwira chitsulo ndi dzanja lomwelo. Mayi wina akuyang'ana chala, akuyang'ana imvi zanga, akuyang'ananso chala. Ndasintha dzanja.

Ku Al Sadd, kusitolo ija ndinagula poyamba. Mtsikana wogulitsa akugwira chala changa ngati nesi, akupukusa mutu: "Uwu khalasi, unatha. Mwina mwezi wamawa, inshala." Inshala ya kuno ndimaidziwa.

Zofiira zimene ndaona lero:
wofiira wa tomato
wofiira wa njerwa
wofiira wa maso a munthu wa kachasu
wofiira wina amene wogulitsa akulumbira kuti ndi yemweyo

Ndagula wotsirizawo. Ndatuluka naye padzuwa, si yemweyo.

Kuchipinda anyamata aona chala. "Akulu, mwayamba liti?" "Tiwauze mayi kumudzi kapena munena nokha?" A Mwale okha sakuseka. Agwira sikelo ija, akuyang'ana ngowe, akundiyang'ana ine.

Loweruka

A Mwale akuyeza masutikesi ndi manja. Kunyamula, kutsinzina, kuika pansi. "Ili ndi 22. Kapena 27." Atulutsa bulangete, abwezeramo, atulutsa ketulo, aibwezeramonso. Aliyense m'chipinda akunyamulako n'kunena nambala yake. Ndikuzindikira kuti ndi ntchito yomwe ija ndagwira sabata yonse, kungoti masutikesi sathawira kuseri kwa kabati.

Phukusi langa ndi lopepuka, palibe akudandaula nalo. Pinki theka, golide theka, wofiira wachilendo, ndi wofiira weniweni amene ndamudonthezera timadzi tosungunulira n'kumugwedeza mpaka mkono kuwawa. Ndakulunga m'sokosi yatsopano. Ndimati ndilembe kakalata kofotokoza, ndaona kuti kakhala katalikatali.

"Ndikawauze chiyani akafunsa?" akutero a Mwale pakhomo.

"Mukawauze kuti ndili bwino."

Kuntchito makasitomala adzaza. Wina pisito yake ikukakamira khoko. Ndatsegula: sipuling'i yofiira, yopenta ine ndemwe, koma kulimba kwake ngati ya 17. Ndiye kuti Lachinayi, m'chipwirikiti chija, ena ndinawaveka yunifolomu ya eni ake. Angati? Sindikudziwa.

Lamulungu

Kwathu anthu ali kutchalitchi, kuno ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse. A mudiri alowa ndi katoni. Masipuling'i atsopano, iliyonse m'kapepala kake, nambala yolembedwa bwinobwino. Akuti anaitanitsa kalekale, anangoiwala kundiuza. "Akalewo anatopa kale, ngakhale uwayeze sanena zoona. Taya." Milu yanga itatu yabwerera m'chitini cha mabisiketi, kupita ku zitsulo zotha ntchito. Bishnu wandigulira tiyi wa karaki, wamkaka ndi zonunkhira.

Madzulo foni. A Mwale afika, ketulo inatsala pa eyapoti. Make Chisomo agwira botolo pafupi ndi kamera.

"Bambo a Chisomo, kyutekisiyu mumamwa?"

Ndafotokoza zonse, kuyambira chitini mpaka kapu ya a mudiri. Kenaka kuseka kuja kumene kumayambira m'mapewa, mpaka foni kugwera pamphasa, ine n'kumaona malata a denga lathu.

"Ndiye mfuti za ku Qatar zatchena kuposa make mwana! Nanga winayu, wa mtundu wa chiwindi, ndi wa ndani?"

Ndati mwina alamu.

Apendeketsa botolo lenileni, akuyeza ndi diso. Akuti akwanira dzanja limodzi.

"Ndipaka lamanja, lolandirira alendo. Lamanzere ndibisa m'chitenje. Akandifunsa ndidzati linalo lili ku Doha, likugwira ntchito."

Ndavomera. Chala changa sindinachifufute, ndipo sabata ino sindichifufuta.