Bulu wa Ba Mubita Walowa m'Foni

Lolemba
Nthano zanga zikusamuka! Chaka chonse zakhala pa webusaiti imene anakonza apongozi anga, amake Joy, koma omva ndi azungu atatu basi. Anthu a muno mu Dambwa akuti mabando a intaneti adula, a ku Simonga akuti netiweki ili pachulu pokha. Tsono apongozi akuti amanga zonse mu apu ya m'foni, ngati phukusi la paulendo. Munthu akailandira, amva popanda intaneti. Ine wosapita kusukulu, zilembo ndinazitola m'buku la nyimbo, lero ndilowa m'matumba a anthu. Ha!

Lachiwiri
Phukusi lalemera, akuti mafoni ang'ono salinyamula. Zochotsa: kutsokomola kwanga, tambala wa aneba, nyimbo zinayi. Nyimbo! Nthano yopanda nyimbo ndi ndiwo zopanda mchere. Kenako apongozi akundipatsa foni yojambula mawu: "Atate, kambani chilichonse, ni kuyesa chabe." Akupita kuntchito. Pakamwa panga sipadziwa kuyesa. Ndikusimba za Ba Mubita, mnzanga wa pansolo, amene zaka makumi atatu akuonetsa chipsera cha pamwendo kuti anathamangitsidwa ndi njovu ku Simonga. Ndinalipo ine. Anali bulu. Ndikulira ngati buluyo, kawiri.

Lachitatu
Apu yatha! Apongozi aipatsa kondakitala mmodzi wa minibasi kuti aone ngati igwira. Yagwira. Imadumpha foni ndi foni ngati utitiri, popanda bando.

Lachinayi
Pamsika mayi wa tomato akundiona, akuseka mpaka kugwira tebulo. Kondakitala akukuwa: "Ba mudala, ija ya bulu ni yamoto!" Ija ya bulu? Mayo ine! Zoyesa zija zinatsalira m'phukusi. Nthano zanga zenizeni khumi ndi ziwiri palibe wazitsegula.

Lachisanu
Ndikupempha apongozi, maso pansi monga mwa ulemu, kuti afufute. Akuti pa webusaiti akanafufuta tiyi asanazizire, koma apu ili kale m'mafoni a eni ake, ndipo sifunsa kwa munthu. "Ndiye ubwino wake, atate. Si ndimwe munafuna yopanda intaneti?" Atulutsa ina yatsopano yopanda bulu. Kuti munthu aitenge, agule bando. Aitenga: apongozi, ndi mzungu mmodzi. Ba Mubita sanabwere pansolo. Ana akumulirira ngati bulu pageti.

Loweruka
Ndikukonza ndekha ndi miyendo. Dambwa North, Dambwa Central, mpaka ku Linda. Khomo ndi khomo: inali njovu, abale, ya minyanga chonchi! Kale nthano ndinkaiwongola m'mawa ndikaipotoza dzulo, palibe wondigwira. Lero wometa tsitsi akungodina foni, ine ndemwe ndikudzitsutsa, ndi kulira komwe. "Manje tikhulupirire uti, imwe olo imwe?" Mapazi atupa.

Lamulungu
Ku tchalitchi Ba Mubita akhala benchi lina. Madzulo ndikuyala nsolo pansi pa mango, ndekha. Akubwera. Moni palibe. Akukhala, akundidya katatu, ine osatsutsa ngakhale akuba njere poyera. Ponyamuka akukonza chipewa, akuyang'ana kumsewu: "Koma uja bulu enze mukulu."

Wamkulu zedi, Ba Mubita. Sindinaonepo bulu wotero.