Chingwe cha Pachithunzi

Mukadzafika kwathu ku Kanyama n'kumva ana akukuwa kuti "Ba Kaputeni!", musavutike kufunafuna munthu wa chipewa choyera. Akunena ine, wowotcherera mageti, amene ngakhale kusambira sindidziwa. Dzinali ndinalitola Loweruka lina m'dzinja, ndipo aneba ena mpaka lero moni wawo amandipatsira m'mphuno.

Mlandu unayambira pa lonjezo. Pofunsira mkazi wanga, Bamake Tiza, pakamwa panga panali polemera kuposa m'thumba. Ndinawalonjeza kuti ndidzawakweza boti la injini kunyanja ku Siavonga, lija amakwera alendo atavala magalasi akuda. Iwo, mwana wa ku Katete amene nyanja ankangoionera pakalendala, anakhulupirira.

Tinapitadi kamodzi, pa ulendo wa mabanja a kutchalitchi. Koma titafika padoko mwini boti anatambasula manja.

"Bosi, dizilo yakwera. Iyi boti imamwa monga chakolwa. Mutengo wakudala muibaleko."

Atatchula mtengo watsopano, amuna tonse tinayamba kusirira mapiri. Anatimvera chisoni n'kutilola kukhala m'botimo lili chimangire kuti tijambulitse. Chithunzicho chili pabalaza pathu: ine dzanja pachiwongolero, iwo akumwetulira ngati mkwatibwi. Alendo amachita nacho kaso. Koma pakona pake pamaoneka chingwe chomangira boti, ndipo Bamake Tiza akamapukuta fumbi, chala chawo chinkaima pomwepo. Bola akanandinyoza, ndikanapeza poyankhira.

Ndiye kunabwera foni yoti apongozi ku Katete agwa, afa mbali imodzi, wowasamala palibe. Bamake Tiza anayenera kunyamuka Lolemba pamodzi ndi mwana wathu Tiza, tsiku lobwerera losadziwika. Mtima unandiwawa, abale. Mkazi achoke m'nyumba mwanga boti lake asanakwere?

Sabata imeneyo mvula inagwa ngati yatumidwa. Pansi pa Kanyama ndi mwala, madzi salowa, amangokhala nafe ngati achibale. Bwalo la mpira kuseri kwa nyumba linasanduka nyanja. Ndinaima pakhomo n'kudziuza kuti Siavonga yadzibweretsa yokha, ulendo uno chowiringula ndilibe.

Ndinatenga mafiliji awiri ogona aja, akufa kale, n'kuwalumikiza ndi zitsulo. Kumbuyo ndinamangako pampu ya dizilo imene munthu wina anasiya kuti ndimukonzere (bambo, ngati mukuwerenga, n'chifukwa chake inachedwa). Nzeru yake inali yoti pampu ikamamwa madzi kutsogolo n'kumalavulira kumbuyo, boti liziyenda. Thanki yake inali yobooka, choncho ndinaika chigubu cha dizilo pamwamba, kapaipi kake n'kumanga ndi malegeni, mphira zija timadula kuchubu cha tayala. Dizilo ndinagula wotchipa kwa anyamata a m'mbali mwa msewu amene amakama mathiraki.

Ba Mulenga, neba wathu woweta abakha, amenenso tonse timatunga madzi ochapira pachitsime chawo, anasuzumira pampanda.

"Ba neba, ni bokosi ya malilo ya bantu babili iyi?"

"Ni boti, mudala."

"Ehe. Ni vamene nakamba."

Bamake Tiza atatuluka anagwira pakamwa. "Batate Tiza, mwafunta?" Koma anabwerera m'nyumba, n'kutulukanso atavala chitenge chatsopano chimene anasungira ulendo. Apo mpamene ndinadziwa kuti misalayi sinali yanga ndekha.

Ndinapukusa injini, inatsokomola, kenako inalira. Abale inu, linayenda! Mwakachetechete ayi, mothamanga ayi, koma linayenda. Anthu anakwera pamabuloko kuonerera, ana akukuwa. Mkazi wanga anakhala mufiliji yakumanja, khosi lili nga, akubayibitsa anthu omwe anawapatsa moni m'mawa womwewo. Anaseka kuseka kumene ndinakumva komaliza tili pachibwenzi.

"Onani kumbuyo, Batate Tiza, mu manzi muli utawaleza!"

Ndinacheuka. Mzere wonyezimira, wofiirira uku wobiriwira uku, unkafalikira bwalo lonse. Chitsulo ndimachidziwa, koma sindinkadziwa kuti dizilo amafewetsa malegeni. Kapaipi kanali katazuka, chigubu chikukhuthukira m'madzi. Podumpha kuti ndikagwire, ndinaponda paipi yolavula ija. Inatembenuka n'kusambitsa Ba Mulenga ndi oonerera onse (inu odziwa kumene zimbudzi zathu zimasefukira m'dzinja simundifunsa zambiri). Injini inazima, boti linapendekeka, tonse awiri khuvu! Ndinakuwa kuti ndikumira, ndikuitana Yesu ndi amayi anga omwe, mpaka mkazi wanga anandikoka kolala.

"Imililani imwe! Manzi yafika chabe mu mabondo!"

Zoseketsa zinathera pomwepo. Chigubu chinali chimodzi, koma mafutawo anayenda m'komboni ngati mbiri yoipa. Abakha a Ba Mulenga nthenga zinamatana, ena anafa. Repu wa amayi ena a kuseri anapserera m'dimba. Chitsime chinanunkha dizilo mpaka mvula inatha, ndipo ine Kaputeni ndinasanduka wokankha wilibala, kutungira aneba madzi kumpopi wolipira m'mawa uliwonse. Pokankhapo ndinkaganiza za maboti aja a ku Siavonga omwa ngati zidakwa, kuti kaya tinsomba ta kapenta ta kumeneko timapuma bwanji.

Lolemba lija Bamake Tiza anakwera basi osandiyang'ana bwinobwino. Chitenge anachisiya pampando chifukwa fungo linakana sopo. Chikadali pomwepo, sindinachichotse. Nyumba yandikulira. Minibasi ikatifukizira utsi pamsewu anzanga amatseka mphuno, ine ndimangoima ngati chitsiru, mtima uli kutali. Ndawasowa, abale, osati pang'ono.

Tsiku lina anaimba foni. Titakamba za apongozi ndi za sukulu ya Tiza, ndinayamba kupepesa. Ndinati ndinawachititsa manyazi pamaso pa anthu, ndinati dizilo akadzatsika ndidzawakweza boti lenileni, la mipando. Kumbuyo kwawo kunkamveka mbuzi.

"Dizilo siizaseluka, Batate Tiza, lekani kunama," anatero. Kenako mawu anatsika. "Koma ija yathu inayenda. Panalibe chingwe."



Mafiliji aja ndinalonjeza Ba Mulenga kuti ndigulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Akadali kuseri kwa nyumba, ndinawafunditsa lona. Za dizilo ndinalapa, ndikulumbira. Panopa ndikusema nkhafi ziwiri, ndipo mitambo ikayamba kuda ndimatuluka panja kukayang'ana njira yochokera ku Katete.