Udzu Ukalowa Apa

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma anzanga a m'sitafurumu ayamba kuikamba mothira mchere wawo. Bola ndiikambe ndekha, mwini manyazi.

Ndine mphunzitsi wa Agri pa sekondale ina yoyendera, chakumtunda kwa Bowe. Zaka khumi ndi zinayi ndikudya choko, ndipo sindibisa, ndinkadzimva. Ndikaima kutsogolo ndi tchati changa, ngakhale ana ogona kumbuyo ankadzuka.

Chaka chatha mu Fomu 4 munali mtsikana wosaona, dzina lake Esinati. Bambo ake ndi atenanti pa esiteti ya fodya kuseri kwa phiri. Mwana wakuthwa mutu, wofatsa, wosadula mawu akulu. Buku lake la Agri la zilembo zopapasa linali lisanafike, ndipo mayeso anali atatsala miyezi itatu. Agri ndiyo ankaidalira kuti imukweze apite ku koleji, asabwerere kukasoka fodya m'chigafa.

Mayi Gondwe, amene amayendera ana osaona m'sukulu za dera lathu pa njinga yamoto, anatipempha kuti tizijambula maphunziro pa foni, mawu okha, n'kumuikira Esinati pa memori khadi kuti azikamvetsera pa foni yake kwawo. Atayamba kufotokoza kajambulidwe kake, ine ndinawadula.

"Madamu, musavutike. Kuphunzitsa ndi kuphunzitsa basi!"

Ndinayamba ndi mimba ya ng'ombe, ija ya zipinda zinayi. Ndinapachika tchati, n'kuika foni pa desiki, n'kuphunzitsa monga mwa masiku onse. Tsiku limenelo ndinali pa fomu, inenso ndinadzigomera.

Lolemba Esinati anandipeza pakhonde.

"Sala, ndamvetsera kanayi, koma ndikusokera pakati."

"Ndi phokoso la anzakowa. Usadandaule, ndikonza."

Anatsegula pakamwa kuti awonjezere, koma belu linalira ndipo ine ndinali nditanyamuka kale.

Loweruka ndinadzitsekera ndekha m'sitafurumu, mawindo onse otseka, thukuta kamukamu. Ndinapachika tchati, n'kujambulanso phunziro lonse mokweza mawu.

"Tsopano bwanji?" ndinamufunsa sabata yotsatira.

"Mawu akumveka bwino zedi, Sala. Koma udzu uja ukundithawabe."

"Aaa, ndiye ndi foni yangayi. Ndi yotchipa."

Apa mpamene ndinaonetsa khama limene mpaka lero limandipweteka ndikalikumbuka. Ndinabwereka maikolofoni ya kwaya ya kutchalitchi. Ndinakwera phiri, kutali ndi chigayo, kutali ndi atambala. Tchati ndinachikhomera pa mtengo wa msuku, ndipo ndinaphunzitsa tchire ndi mtima wonse. Amayi ena otola nkhuni anaima patali, n'kubwerera njira yomwe anadzera. Loweruka lililonse ndinkakwera, nthawi zina n'kujambula awiri, mpaka maphunziro anakwana khumi ndi limodzi: nazale ya fodya, mizere ya akalozera yoteteza nthaka, khola la nkhuku, zonse.

Esinati anayesanso kachitatu.

"Sala, nanga mukamati..."

"Mwana wanga, kuphunzira ndi kubwereza. Mvetsera mpaka uloweze!"

"Chabwino, Sala."

Patapita miyezi iwiri, Mayi Gondwe anabwera kudzaona mmene zikuyendera. Ine ndinaitana ahedi. Ndinaitananso a Mbewe a Masamu, amene ankandiseka za kukwera phiri, kuti adzaone zipatso ndi maso awo. Tinakhala mu ofesi, Esinati ataima pafupi ndi tebulo.

"Mufunseni chilichonse, Madamu," ndinatero nditapinda mwendo.

"Esinati, tatiuza. Ng'ombe ikadya udzu, umayenda bwanji m'mimba?"

Mwana anaika manja kumbuyo, n'kutsokomola pang'ono monga ndimachitira ine. Kenako anayamba, mawu ake akukwera ndi kutsika ndendende ngati anga.

"Udzu ukalowa apa, umatsika chonchi, n'kufika umu. Mwaona? Ukakhalitsa umu, umabwerera uku. Ng'ombe imatafunanso, kenako umadutsa apa. Osati apa ayi, apa! Ukachoka apo umalowa m'kameneka, kenako m'kameneko, basi nkhani yatha. Pali funso?"

Ahedi anayamba kuyang'ana kalendala ngati akuiona koyamba. A Mbewe anagwira pakamwa, mapewa okha akugwedezeka.

"Ndaloweza monga ananenera Sala," anatero Esinati. "Sindinasiye liwu ndi limodzi lomwe."

Munthu wanzeru akanagonja pomwepo. Ine ayi.

"Koma zikumveka, Madamu! Ukayang'ana pa tchati..."

"Ayang'ane pa tchati ndani, aphunzitsi?"

Mayi Gondwe anafunsa mofatsa, osakweza mawu, ndipo mwendo wanga uja unatsika wokha.

"Tatsinzinani," anatero Mayi Gondwe. Anatenga foni ya Esinati n'kuyatsa phunziro langa la kuphiri lija. Kunena zoona, mawu anali oyera bwino. Atafika pakati anaimitsa.

"Apa ndi pati?"

"Pammero."

"Chabwino. Nanga umu?"

"Chipinda choyamba."

Anayatsanso. Ndinadzimva ndikukuwa kuti, "Osati apa ayi, apa!" Anaimitsa.

"Nanga apa pachiwiripa ndi pati?"

Ndinasakasaka mumdimamo, tchati kulibe. Ndinayesa kukumbukira kumene chala changa chinali tsiku lija, koma chinakana kubwera.

"Mwina... pachiwindi?"

"Udzu pachiwindi, a Agri?" anakuwa a Mbewe. "Ng'ombe yanuyo ikadali moyo?"

Anaseka mpaka anatuluka panja. Ine sindinaseke. Nditatsegula maso ndinaona Esinati ataima phee, foni yake ili pa tebulo, ndipo manyazi anasanduka chisoni. Mwana wa eni ndinamudyera miyezi iwiri, mayeso atatsala mwezi umodzi.

"Ndinkafuna kukuuzani, Sala," anatero motsitsa mawu, "koma mumafulumira."

Mayi Gondwe sanandikalipire. Anangoika foni yawo pa tebulo n'kuyamba kujambula.

"Ikani manja m'thumba, aphunzitsi. Onse awiri. Tsopano fotokozaninso. Chilichonse chitchuleni dzina, munene chili mbali iti, chikukula bwanji, ukachigwira chimamveka bwanji."

Amayo ine! Simungadziwe kuti lilime lanu ndi laulesi mpaka atakumangani manja. Dzanja lamanja linkangofuna kuthawa m'thumba, ine n'kumalibweza.

"Udzu umachoka m'kamwa," ndinayamba mwachibwibwi, "umatsika pammero, n'kulowa m'chipinda choyamba. Ndi chachikulu kuposa zonse, chili kumanzere kwa ng'ombe. Mkati mwake ndi mokhakhala ngati thaulo."

Esinati anatukula mutu.

"Ngati chija cha mbuzi, Sala? Chimene ndimatsuka pa Khirisimasi?"

"Chomwecho! Mbuzi ndi ng'ombe n'chimodzimodzi. Chachiwiri ndi chaching'ono, chili kutsogolo kwa choyambacho, chili ndi timabowo ngati zisa za njuchi. Udzu ukafewa umabwerera kukamwa, ng'ombe n'kutafunanso. Ikamezanso umapitirira mpaka m'chachitatu, chamasambamasamba ngati buku."

"Ndikuchidziwa! Chovuta kutsuka chija, chobisa zinyalala m'mapeji!"

"Eya! Chimenecho chimafinya madzi. Chachinayi ndi chosalala, choterera, ndipo ndi mmene chakudya chimagayidwa monga m'mimba mwa munthu."

Chipinda chilichonse ndinachitchulanso dzina lake la Chingerezi, ndipo sipanathe mphindi zisanu. Mayi Gondwe anamufunsanso funso lija, ndipo Esinati anauyendetsa udzu kuchokera kukamwa mpaka kumatumbo osaphonya khomo, mayina a Chingerezi omwe anawaika m'malo mwake. Ahedi anasiya kalendala n'kuomba m'manja. A Mbewe anasuzumira pawindo kuti amve chachitika n'chiyani.

Ine ndinapumira m'mwamba, ndikuganiza kuti ulemu wanga wabwerako pang'ono. Esinati anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga, nkhope ili yodabwa zenizeni.

"Sala, ndiye miyezi iwiri yonseyi mumakwera phiri kukandibisira zam'kati zimene ndimatsuka ndekha?"

Maphunziro khumi ndi limodzi aja ndinawajambulanso onse manja ali m'thumba, chifukwa chala, ngakhale chiloze bwanji, sichimveka m'foni.