Valavu Yachinayi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa adzukulu anga, koma agogo awo aakazi ayamba kuifotokoza mothira mchere wambiri. Bola ndidzichititse ndekha manyazi.

Inali nthawi ya Chitaganya, Mutare akadali Umtali. Ndinkagwira ntchito pa shopu yokonza mawailesi m'tauni, ndipo ku Sakubva konse, komboni yomwe tinkakhala, ankanditchula Injiniya. Dzinali ndinkalikonda kuposa la ubatizo. Ndinali nditadzipangira ka preamp, kabokosi kolandira mawu a maikolofoni asanapite ku ampulifaya yaikulu. Kanali ndi mavalavu atatu agalasi, oyaka ngati makala.

Ndinalinso pa chibwenzi ndi Chipo, mwana wa VaNyamunda, Mmanyika weniweni. Kwawoko mkamwini, yemwe iwo amati mukwasha, sakalankhula yekha ndi apongozi. Zonse zinkadzera mwa malume anga a Kamwendo, a ku njanji, omwe anali munyai wanga, ife timati nkhoswe. VaNyamunda anali asanavomere. Akuti ankafunsa, "Mnyasa wosewera ndi mawaya amudyetsa chiyani mwana wanga?" Ine ndinkangowaonera patali, mawu awo ndinali ndisanawamvepo.

Loweruka lina masana kunali mpikisano wa makwaya mu holo, ndipo wotsegulira mwambo anali VaNyamunda. Makina anali anga. Ndinati lero adziwa kuti mawaya ndi ntchito!

Ndinakhala kuseri kwa katani. Kwaya ina ikuyeserera, ndinamva mawu akung'ambika akangokweza nyimbo. Azungu a ku shopu ankati distortion. Ndinagogoda mavalavu ndi pensulo, yoyamba n'kulira "ngiii". Ndinaizula, kuika yatsopano, mawu mbee! Ndinadziguguda pachifuwa ndekhandekha.

Holo itadzaza, VaNyamunda anaima pa maikolofoni ya pa siteji n'kuyamba ndi moni wa Chimanyika.

"Khrrr... maswera sei... khrrr..."

Mtima unangoti phwii. Mawu osasa, okhakhala ngati munthu akupala mphika. Pa anthu onse, makina anga asankha kundiyalutsa pa apongozi!

Ndinatsitsa volyumu. Khrrr yemweyo, koma wapansipansi. Ndinazula valavu yachiwiri ikadali yotentha, zala n'kupsa. Sipika zonse zii, bambowo n'kumangoyasamula ngati nsomba mpaka yatsopano itafunda.

"Khrrr... vana vedu... khrrr..."

Malume analowa kuseri kwa katani akupumira m'mwamba.

"Mphwanga, siya makinawo."

"Malume, inu mumadziwa njanji. Za mavalavu ndisiyireni."

"Ndikuti makinawo alibe..."

"Shhh! Mukundisokoneza!"

Ndinazulanso yachitatu, ulendo uno ndi pulayala. Zii kachiwiri. Anthu anayamba kung'ung'udza, wina n'kuimba mluzu. Yatsopano itafunda, khrrr uja anabwera ali wonenepa kuposa kale. Thukuta linali kamukamu mpaka m'masokosi.

Apa ndinakumbukira zimene ndinaphunzira ku shopu: ukasowa vuto, yesa mbali imodzi imodzi. Ndinalumikiza maikolofoni yanga yoyesera.

"Testing, one, two!"

Mawu anga anatuluka osalala, okoma, ngati a muulutsi wa pa wailesi. Basi ndalipeza! Kabokosi kanga kalibe mlandu, yolakwa ndi maikolofoni yakale ya holoyo. Chimwemwe chinandiiwalitsa kuzimitsa yangayo. Ndinatembenukira kwa malume, iyo ili pakamwa pompa.

"Mwamva? Kuno kuli bwinobwino! Vuto laima pa sitejipo. Chinthu chija n'chokalamba, chikulira ngati chule wa chimfine. Chofunika n'kuchizula n'kukachitaya kudzala!"

Mawuwo anamveka m'sipika zonse, opanda distortion ngakhale pang'ono. Kenako chiphwete chinaphulika, ena kugwa m'mabenchi. Malume anagwira kumutu.

Katani anatseguka. VaNyamunda anaima patsogolo panga, opanda maikolofoni, opanda waya.

"Khrrr... ndiwe mukwasha wacho?"

Mayo ine! Khrrr uja anali kutuluka pakhosi pawo penipeni.

"Fumbi la mu mgodi linawawononga pakhosi kalekale," ananong'ona malume. "Ndimafuna ndikuuze, Injiniya."

Ndinagwada pansi n'kuyamba kuomba m'manja mwa Chimanyika, pulayala ili m'dzanja. Ndinaona Chipo pakati pa kwaya ataphimba nkhope ndi buku la nyimbo. Mumtima ndinatsanzikana naye.

Bambowo anagwirapo ntchito ndi Anyasa ku mgodiko, ndiye anandifunsa m'Chinyanja kuti ndisaphonye liwu.

"Wazula mavalavu angati?"

"Atatu, baba."

"Ndiye yachinayi ndine?"

Mapewa awo anayamba kugwedezeka, kenako anaseka, khrrr khrrr khrrr, mpaka misozi.

"Zaka zonsezi ndikamalankhula mu holo, a kumbuyo amangogwedeza mitu osamva kanthu. Lero mayi wina wa pakhomo penipeni wandikuwiza kuti ndabwereza mfundo. Andimva! Kabokosi kako sikanama, ndipo iwenso sunama. Dzuka, ndikamalize zolankhula. Kamwendo, mubwere kunyumba mawa tikatuluka m'tchalitchi."

Ndinabwezera mavalavu awiri osalakwa aja m'malo mwake. Bambowo analankhula ola lathunthu, makwaya akudikira, khrrr aliyense akufika mpaka panja. Sindinamvepo phokoso lokoma ngati limenelo.

Chipo ndinamukwatira mvula isanagwe. Koma apongozi anga, mpaka tsiku lomwe anatisiya, akabwera kudzatichezera ankaima pageti n'kukuwa kuti mzere wonse wa nyumba umve:

"Khrrr... mukwasha! Valavu yachinayi yafika, bisa pulayala!"

Anzanga okonza makina, musanamasule sikulu, yambani mwapatsana moni ndi mwini mawu.