Ndulu Yanga Yakhoza Mayeso Anu

Kwa Bwana Woyang'anira Mndandanda wa Maopaleshoni,

Bwana, ndine telala uja wa mimba yaikulu, wokhala pa benchi yachitatu Lachiwiri lililonse nditagwira nthiti zakumanja. Sindikadalemba ayi, koma mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Choyamba, ndagwira mwendo pothokoza chifukwa cha pepala lanu lolosera ngati kuchotsa ndulu kudzakhale kovuta. Kukhala mwamuna, malikisi. Kupitirira zaka makumi asanu, malikisi. Mimba iyi yokha, malikisi awiri! Ine amene kusukulu ndinkagwira mchira chaka ndi chaka, lero ndili patsogolo. Mayi a kunyumba sakukhulupirira.

Chachiwiri, ndikuyamika lamulo lanu loti wa malikisi ambiri achitidwe opaleshoni ndi adokotala aakulu okha. Ulemu wotere sindinauonepo. Kungoti adokotalawo ali kumsonkhano wokambirana tanthauzo la mawu akuti "yovuta". Akuti ena akufuna kuwerenga maola a opaleshoni, ena magazi otayika. Asafulumire chonde, miyezi isanu ndi itatu si kanthu.

Chachitatu, pepala lanu silinama. Ndikamadikira, ululu umandigwetsa, mumandigoneka m'wodi, ndipo kugonekedwako ndi malikisi enanso. Makina ounikira m'mimba akuti khungu la ndulu lakhuthala. Ndinayamba ndi asanu, pano ndili ndi asanu ndi anayi. Maso ayamba chikasu, ndipo anamwino andinong'oneza kuti nduluyo ikhoza kuphulika. Ndikuchita mantha, Bwana, zoona zake n'zimenezo.

Ifenso atelala timayeza tisanadule, koma timadula ndithu. Ndikayeza mwana lero n'kudzasoka chaka chamawa, kabudula akathina sindinena kuti mwanayo ndi wovuta. Mayi ake angandigende ndi sizasi yanga yomwe.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamba. Papepala paja onjezanipo mzere umodzi wokha: miyezi imene wodwala wakhala pa benchi. Malikisi a mzere umenewo musandipatse ine, ndakhuta nawo. Muwalembe pa dzina lanu, Bwana, kuti ndulu ikandiphulikira, ana anga adzadziwe amene anali wovuta pakati pa inu ndi iyo.

Ine wanu wodzichepetsa, ngati ndifike Lachiwiri,
Telala wa pa benchi yachitatu