Zimene Tinafukula mu Mulu wa Manyowa

Nkhaniyi ndaibisa chaka chathunthu, koma poti a Tembo ayamba kuikamba pachigayo, bola muimve kwa mwini wake.

Malemu amuna anga, bambo a Tisa, ndiwo ankaphunzitsa anthu za dimba kuno ku Kasenengwa: kupanga manyowa, kuphimbira nthaka, kulima popanda feteleza wogula. Analinso mkulu wa mpingo, wodzudzula mowa kwambiri. Atamwalira, alangizi a zaulimi anabwera kuchokera ku Chipata.

"Amayi, konzani tsiku la maphunziro. Mukaphunzitsa bwino, udindo wa abambo ukhala wanu. Mukalephera tiupereka kwina."

Ine sukulu ndinalekeza giredi folo. Koma pampu yothirira ndi ya gulu, imakhala kwa wophunzitsa, ndipo dimba langa popanda pampuyo ndi fumbi chabe.

Ndinakonza zonse pamtima. Anthu ayambe kumweta udzu n'kuphimbira mabedi, kenako asanje mulu watsopano wa manyowa, pomaliza tifukule mulu wakupsa kale aone ndi maso. Wakupsa unalipo umodzi wokha, wa abambo, kuseri kwa nthochi. Ali moyo sankalola munthu kuukhudza, ndipo chimwalirire iwo mtima unkandikaniza kufikako. (Ndikanangolimba mtima n'kuufukula dzulo lake, bwenzi lero ndilibe chokamba.)

Tsiku linafika, anthu anadzaza dimba. Panali alangizi, amayi abusa, ndi a Tembo aja, mnzawo wa malemu. Udzu tinaphimbira bwino, mulu tinasanja bwino. Mwaulemu, khasu lofukulira ndinapereka kwa amayi abusa.

Anagaula kawiri. Kachitatu linatuluka botolo la pulasitiki. Kenako lina. Kenako ena anayi.

"Nanga izi, amake Tisa?" anafunsa amayi abusa.

Ndinatola botolo limodzi. "Othiririra," ndinatero. "Umaboola chivindikiro, n'kulizika chozondotsa pafupi ndi tomato, madzi azidontha pang'onopang'ono." (Izi ndinazionadi kudimba lina, sindinaname zonse.)

Alangizi anagwedeza mutu mokondwa. Ndinati ndapulumuka.

Khasu linagundanso. Ulendo uno chinali chigubu, chodzaza mpaka kukhosi. Amayi abusa anatsegula n'kununkhiza. Fungo la kachasu palibe amene salidziwa kuno. A Tembo anayamba kuwerenga nthochi pamkoko.

"Ndi mankhwala a nsabwe za m'masamba," ndinatero. "Abambo ankapanga okha."

Alangizi anali ataima patali ndi fungolo. "Eya! Ndiye tithire tione. Maphunziro athu ndi a manja."

Amayi abusa anandiyang'ana. Mawu amodzi okha kuchokera kwa iwo, pampu ikanapita, dzina la malemu likanapita nayo. Ndinangogwira chitenje changa.

"Bweretsani kheni yothirira," anatero amayi abusa. "Tithira onse, osatsala dontho."

A Tembo analumpha. "Amayi, tisungeko pang'ono, a chitsanzo!"

"Khalani pansi, a Tembo. Mankhwalawa mukuoneka kuti mukuwadziwa kwambiri."

Azimayi anabisa pakamwa m'zitenje. Ine ndinayenda kutsogolo, kuonetsa anthu kathiridwe kake pa repu wanga, mabedi atatu.

Alangizi anabwerera ku Chipata atanena kuti pampu ikhala kwa ine. M'mawa mwake repu yense anali atapsa ngati wamuthira madzi owira. Ndinakhala pansi pa nthochi zija, kuwakalipira bambo a Tisa mokweza, kulira, kenako kuseka ndekha ngati wamisala. Zaka makumi awiri muukwati, ine n'kumawayamikira kuti amakonda manyowa!

Masiku ano chilichonse chimene ndifuna kuonetsa anthu ndimayamba ndachifukula ndekha. Vuto latsala limodzi. Alangizi akabwera amafunsabe kapangidwe ka mankhwala aja, ati akaphunzitse midzi ina. Ndimangoti abambo anapita nayo nzeruyo.